Maule, Manoma kapena Mabanka: jezi ya 2025 tigule iti?

Funsoli landitopetsa. Chiyambireni chaka chino cha 2025, aliyense wobwera pa benchi langa lokonzera mafoni pamsika wa pa boma pano amayamba ndi nkhani ya sikirini yosweka, n'kumalizira pa mpira: achimwene, ligi ya chaka chino itenga ndani? Wandimaliza ndi mwana wa achemwali anga wa ku Namwera, yemwe ndinamulonjeza jezi akakhoza mayeso. Wakhozadi, ndiye tsiku lililonse uthenga pa WhatsApp: "Ankolo, ndiyambe kuchemerera iti?" Ndati ndilembe kamodzi pano, wofunsanso ndizingomutumizira.

Ndinene poyambirira kuti pa matimu atatuwa, Bullets (Maule), Wanderers (Manoma) ndi Silver Strikers (Mabanka), ine ndine Noma wa magazi a buluu, kuti wina asadzati ndinabisa. Za mitundu ya yunifomu, za mbiri ya makedzana ya Bata Bullets ndi Limbe Leaf Wanderers, za yemwe ali ndi masapota ambiri, sinditaya nazo nthawi. Aliyense akudziwa. TNM Super League ya 2025 ili ndi matimu 16, aliyense amasewera magemu 30. Chikho ukhoza kuchitenga ndi goloboyi yemwe wadzuka bwino tsiku la mapenate, koma magemu 30 satheka ndi mwayi. Amafuna munthu wokhala pa benchi yemwe osewera akudziwa kuti mawa adzakhalapobe, ndi ofesi yomwe imalipira pa nthawi yake. Apa ndi pomwe ndikuyezera matimu atatuwa.

Tiyambe ndi anansi athu ofiirawa, poti chilungamo chimawawa. Kalisto Pasuwa anafika ku Bullets mu 2018 kuchokera ku Zimbabwe, komwe anali atatenga ligi kanayi motsatizana ndi Dynamos. Bullets inatenga ligi 2018, 2019, ya 2020/21, 2022 ndi 2023. Kasanu, osapumira. Mu 2023 anaphatikizapo FDH Bank Cup, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup, kukokolola zonse zinayi ngati khoka la usipa. Ife ena tinkangozimitsa wailesi. Koma chomwe anzanga a Manoma safuna kumva n'chakuti sikuti gemu iliyonse Bullets inkasewera mpira wokoma. Panali masabata omwe masapota awo omwe ankalalata kuti mpira wa Pasuwa ndi wogonetsa tulo, wachigoli chimodzi n'kutseka chitseko. Akuluakulu a Nyasa Manufacturing Company, eni ake a Bullets, anamva zonsezo koma munthuyo sanamugwedeze. Zaka zisanu ndi chimodzi, kochi mmodzi. Mwana wa timu yawo yachisodzera ankakula akudziwa kale zomwe mdala wa pamwambayo amafuna, ndiye akakwezedwa sankachedwa kuzolowera. Patrick Mwaungulu ndi chitsanzo: anamukulitsa okha, anawagoletsera zigoli, mu 2024 anapita ku DRC pamodzi ndi Lanjesi Nkhoma. Kwathu ku Lali Lubani, ku likulu la Wanderers, tikanafuna wosewera wotere, tikanakamugula atapsa kale pa mtengo wokwera.

Mu 2024 khoma linayamba ming'alu. Anathera pa nambala 3 mu ligi, ndipo ndime yomaliza ya FDH Bank Cup anagonja pa mapenate ndi Blue Eagles, timu yomwe nthawiyo inali mu ligi yaing'ono. Tsiku limenelo ndinagulira anyamata a kabaza a pa siteji yathu Fanta, sindibisa. Pofika 2025 Pasuwa anali atapita ku Flames, ndipo mpando unatengedwa ndi Peter Mponda. Kunena zoona, ofesi ya Bullets apa yachitanso mwanzeru zondinyansa. Mponda anali kaputeni wawo, anakhala wothandizira Pasuwa, akudziwa ngodya iliyonse ya nyumbayo, ndipo akubwera ali ndi mendulo ya ligi yomwe anatenga ndi Silver m'thumba. Pomutenga alimbitsa nyumba yawo, agwetsanso mzati wa nyumba ya mnzawo. Chomuvuta n'chimodzi: masapota a Maule anazolowera nsima ya nyama tsiku lililonse. Akalepherana mphamvu magemu atatu otsatizana, mudzamva nyimbo zake ku Kamuzu Stadium.

Silver Strikers ndi akatswiri a ligi ya 2024, choncho ulemu wawo apatsidwe. Kumbuyo kwawo kuli Reserve Bank of Malawi, ali ndi bwalo lawolawo ku Area 47, pomwe zimphona ziwiri za ku Blantyre mpaka lero zimabwereka bwalo la boma. Koma ndalama anali nazo zaka zonsezi, ndipo pakati pa 2013 ndi 2024 ligi sanayione. Mu 2023 anaitana mzungu wa ku Netherlands, Pieter de Jongh, anathera pa nambala 2. Anabwera Mponda mu 2024, chaka chimodzi chokha, ligi ija n'kulowa m'nyumba. Ndiye funso langa kwa akuluakulu a Mabanka: munthu wakuthetserani njala ya zaka 11, mwamulola bwanji kutuluka pa geti? Kumayambiriro a 2025 timu anaisiya m'manja mwa Peter Mgangira, mwana wa pakhomo pomwepo, ndipo osewera ambiri omwe anatenga ligi alipobe. Mwina ziyenda. Koma ine ndikuona ngati galimoto yabwino yomwe dalaivala wake watsikira pa Liwonde, wothandizira n'kugwira chiwongolero.

Pali chinanso chomwe mwana wa ku Namwera ayenera kudziwa. Kukhala sapota wa Silver kuno ku Mangochi n'kukhala wekha. Mu vidiyo sho ya kwathu ku M'baluku, tsiku la derby ya Bullets ndi Wanderers benchi la kumanja limafiira, la kumanzere buluu, anthu mpaka kukhala pa mawindo. Tsiku lomwe Silver inatsimikiza ukatswiri, yemwe anavina ndi bambo mmodzi wogwira ntchito ku banki. Tinamuombera m'manja chifukwa cha chisoni.

Tsopano kwathu. Apa ndichedwapo chifukwa mpomwe pali chilonda.

Pofika kumayambiriro a 2025, Wanderers inali itatenga ligi komaliza mu 2017 ndi Yasin Osman, nthawi ya Be Forward, kampani ya ku Japan ya magalimoto ija. Be Forward itachoka, timu inadutsa m'nthawi ya njala yeniyeni, mpaka a Thomson Mpinganjira analowererapo ngati pulezidenti, Mukuru n'kubwera ndi thandizo. Pa nkhani ya thumba sindidandaula, bambowa atulutsa ndalama zawo zomwe akanatha kudyera zina. Chaka chilichonse timagula mayina akuluakulu, zithunzi pa Facebook, wosewera watsopano atanyamula jezi, ife kuno n'kumati chaka chino ndi chathu. Koma tawerengani nane omwe akhala pa benchi zaka zitatu zokha. Alex Ngwira mu 2022. Mark Harrison, yemwe anatipatsa Airtel Top 8 ya 2022 n'kukhala nafe mu 2023. Nsanzurwimo Ramadhan kumayambiriro a 2024. Meke Mwase pakati pa chaka chomwecho. Kenako Bob Mpinganjira. Anthu asanu pa nthawi yomwe Bullets inali ndi mmodzi. Ena anachoka okha, ena anachotsedwa, koma kwa wosewera n'chimodzimodzi. Kochi uyu akuti mpira uziyambira kumbuyo pang'onopang'ono, wotsatira akuti ponyani kutsogolo, wachitatu akubwera ndi anyamata ake omwe amawakhulupirira. Wosewera wogulidwa ndi ndalama zambiri mu Febuluwale, pofika Ogasiti ali pa benchi chifukwa yemwe anamufuna uja anapita kalekale. Ndalama imeneyo yalowa m'madzi.

Ndipo tisanamizire ofesi yokha. Ife masapota ndife gawo la matendawa. Tikagonja gemu imodzi, mawa lake tili pa wailesi ndi m'magulu a WhatsApp kuti kochi achoke, ine ndemwe ndinalembapo zimenezo kangapo. Mu 2023, pa gemu ya Airtel Top 8 ndi Silver ku Bingu National Stadium, mkangano wa chigoli cha kumapeto unathera pa kuphwanya mipando, timu n'kulipitsidwa chindapusa cha mamiliyoni. Kaya oyimbira analakwitsa kapena ayi, ndalama zomwe zikanagula womwetsa zigoli zinapita kukagula mipando. Pamenepo palibe Maule anatilodza.

Poti ndatchula zolodzana: alamu anga, Noma mnzanga, nthawi zonse amati Bullets imakonderedwa chifukwa pulezidenti wa bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno la FAM, Fleetwood Haiya, anachokera ku ofesi ya Bullets. Ndimawafunsa kuti nanga a Walter Nyamilandu, omwe anasewerapo Wanderers n'kukhala pa mpandowo kuyambira 2004 mpaka 2023, ife tinatenga ligi kangati nthawi imeneyo? Amangoti "alamu, inu mwagulidwa," n'kusintha nkhani.

Chondipatsa chiyembekezo n'chakuti 2024 tinathera pa nambala 2 ngakhale tinasintha makochi chonchija, ndipo Bob anatseka chaka ndi Castel Challenge Cup. Ndi mwana wa pa Lali Lubani, anagoletsa zigoli atavala buluu, anakhalapo kale pa benchi limeneli n'kuona momwe limaotchera. Pa atatuwa, ndi iye yemwe akuyamba chaka ndi timu yomwe anamaliza nayo chaka chatha ali mkulu wa benchi. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri, omwe akuphunzira kochi watsopano ndi anzathu, osati ife.

Tsopano za mtengo wobisika wa ukasapota, zomwe wakuti sakuuza pokukopera ku timu yake. Kwa ife a kunyanja, timu ya ku Blantyre imatanthauza ulendo wa makilomita pafupifupi 190 kudzera pa Liwonde ndi Zomba, ya ku Lilongwe ndiye kutalikirapo. Chaka chatha ndinati derby iyi ndikaonere ndi maso. Ndinadzuka nthawi ya azana ya m'bandakucha, kukwera minibasi yomwe inaima pa Ulongwe kudikira anthu mpaka dzuwa kukwera, kenako tayala kuphulika tisanafike pa Domasi. Ndinafika ku Chichiri mzere wa pa geti utakhotakhota ngati njoka, matimu akutenthetsa kale thupi. Apo kunatulukira mnyamata wina waulemu wake, kapepala m'manja: "Bigi, musavutike, ndili ndi tikiti yotsala, mungoonjezera pang'ono." Ndinaonjezera. Pa geti mkulu woona matikiti anakayang'ana kapepalako, n'kundiyang'ana ine, n'kundifunsa kuti, "Akulu, mwachokera kuti?" Nditati ku Mangochi anangopukusa mutu. Kanali kofotokopa. Mnyamata uja anali atasungunuka. Ndinagulanso ina yeniyeni ndi ndalama ya chakudya, ndinalowa chigawo choyamba chitatsala pang'ono kutha, ndipo pobwerera ndinadya chimanga chootcha chimodzi pa Zomba mpaka kunyumba.

Tsiku lomwelo, ngati sikunakwane, ndinagula jezi kwa venda wa panja pa bwalo pa theka la mtengo wake. Anandilumbirira kuti ndi orijino. Mayi a kunyumba anaichapa kamodzi, n'kuyanika pa dzuwa lathu la Mangochi lija. Madzulo buluu uja anali atasanduka mtundu wa phulusa, baji itatukuka mbali imodzi, zilembo za wothandiza timu zitamatirira pa chingwe. Pano ndimapukutira magalasi a mafoni. Choncho timu iliyonse yomwe musankhe, jezi gulani kwa ogulitsa ovomerezeka ndi timuyo, tikiti gulani pa malo ake. Ndalamayo imakafikanso kwa osewera anu. Pa nkhani yogulitsa katundu wa timu, ndivomereze kuti Bullets inayamba kale kuitenga ngati bizinesi, enafe tikuthamangira m'mbuyo.

Za mipikisano ya mu Africa ya CAF sindiyikapo mtima posankha. Bullets inafika mu ndime ya magulu ya Champions League mu 2004, nthawi ya Bakili Bullets ndi Kinnah Phiri, ndipo madala a kuno amaikumbukirabe chifukwa mwini dzinalo, a Bakili Muluzi, ndi wa pa Machinga pomwepa. Chichokereni apo, aliyense amangopita kukalonjera n'kubwerako, monga Maule anachitira ndi TP Mazembe mu 2023.

Ndiye itenga ndani? Silver ndikuiyika pachitatu, andikhululukire bambo a ku banki aja. Mpikisano weniweni uli pakati pa Mponda ndi Bob. Munthu wopanda mbali akhoza kuloza Bullets, chifukwa ofesi yawo inaonetsa kale kuti imatha kupirira ndi kochi. Ine ndikuti Wanderers, koma pa mfundo imodzi: chigawo chachiwiri cha ligi chikamayamba, Bob akhale adakali pa benchi, ngakhale titagonja derby yoyamba. Mukadzangomva kuti komiti yakhala pansi usiku ndipo kwabwera "wogwirizira", dziwani kuti 2017 ija tiziiwerengabe.

Mwana wa achemwali uja ndamuyankha dzulo. Ndinamufotokozera zonsezi mwachilungamo, za Pasuwa, za zikho zinayi, za makochi athu asanu. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Ndiye Bullets ili bwino eti, ankolo?" Ndamuuza kuti ndalama ndi zanga, jezi ikubwera Loweruka pa basi ya ku Blantyre, ndipo ndi ya buluu.