Khobidi lotsukidwa: PCGS, NGC, ANACS ndi EAC saliona mofanana

Tengani khobidi lasiliva lakale limene winawake analipukuta ndi kansalu zaka makumi angapo zapitazo. Mukalitumiza ku NGC, yomwe pamodzi ndi PCGS ndi ANACS ndi makampani a ku America oyeza makobidi, libwera m'kabokosi kapulasitiki kolembedwa kuti "AU Details, Cleaned", kutanthauza kuti zojambula zake zatha pang'ono chabe (AU) koma linatsukidwa, choncho silipatsidwa nambala. Ku PCGS mawu ake ndi ofananako, koma amawonjezera "Genuine", ndipo pamene pakanakhala giredi (nambala yosonyeza mmene khobidi lasungikira) amaikapo nambala 92, yomwe kwa iwo imaimira kutsukidwa. ANACS ilemba "AU 50 Details, Cleaned". Wa m'gulu la otolera makobidi la Early American Coppers (EAC), likakhala lamkuwa, akupatsani manambala awiri. Onsewa aona chinthu chimodzi, koma zimene akuuza wogula n'zosiyana, ndipo pa khobidi losowa kusiyanako ndi ndalama zambiri.

Tiyambe ndi chimene chimawonongeka. Khobidi likamadindidwa, chitsulo chimayenda kuchokera pakati kupita m'mbali n'kusiya timizere tosaoneka ndi maso. Timizere timeneti ndi timene timachititsa kuti kuwala kuzizungulira pa khobidi mukamalipendeketsa pansi pa nyali. Nsalu, burashi kapena mankhwala opukutira zimafafaniza timizereti n'kusiya tina tatsopano tolowa m'chitsulo, toloza mbali imodzi. Khobidi limanyezimira ndithu, koma kuwala kwake kumaima malo amodzi. Zikatere palibe chobwezera.

PCGS, yomwe inayamba mu 1986, ndi NGC ya mu 1987, zimagwiritsa ntchito sikelo ya 1 mpaka 70 imene William Sheldon anakonza mu 1949. Kwa zaka zambiri makampani awiriwa ankangobweza khobidi lotsukidwa m'kathumba, osalitsekera m'kabokosi n'komwe, ndalama yanu yoyezetsera itapita. NGC inayamba kupereka "Details" mu 2009, PCGS nayo inasintha cha nthawi yomweyo. Zinathandiza, chifukwa tsopano khobidi losowa lotsukidwa limakhala ndi umboni woti ndi lenileni, ndipo umboni umenewo ndi umene wogula wakutali amaufuna kuposa china chilichonse.

Chimene chimandivuta ndi njira yawoyi n'choti ili ndi zitseko ziwiri zokha. Khobidi lipeza nambala, kapena silipeza. Limene lili ndi timizere towerengeka kumbuyo kokha, ndi limene analikwecha mpaka kuyera mbuu, onse angathe kulembedwa "AU Details". N'zoona kuti pali mawu ena olekanitsa. NGC imalemba "Harshly Cleaned", "Polished", "Whizzed" kapena "Surface Hairlines", ndipo nthawi zina imatchula mbali imene yakhudzidwa. PCGS nayo ili ndi manambala ena, monga 91 wa mtundu (utoto) wokayikitsa ndi 94 wa nkhope (pamwamba pa chitsulo) yosinthidwa. Koma mawu akuti "Cleaned" pawokha amanyamula makobidi ambirimbiri osafanana m'pang'ono pomwe. Mabuku a mitengo amatsata manambala, ndiye khobidi lopanda nambala limasiyidwa kuti wogulitsa ndi wogula akanganirane okha. Pakati pa PCGS ndi NGC sindiona wopambana kwenikweni pa nkhani imeneyi. Kusiyana kwawo n'kochepa poyerekeza ndi phompho limene onse awiri amaika pakati pa nambala ndi "Details".

Ndipo phompholo silili pamene ambiri amaganiza. Makobidi ochuluka okhala ndi nambala yoyera anatsukidwapo. Kuviika khobidi lasiliva mwachangu m'madzi a asidi ochotsa kuda, kukachitika kamodzi komanso mosamala, kawirikawiri sikulepheretsa kupeza nambala, chifukwa kuwala kumatsalabe. Mukabwereza kangapo, khobidi limafa nkhope n'kugwera ku "Details". Makobidi asiliva a ku America a m'ma 1790 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1800 ambiri anapukutidwa kalekale, nthawi imene otolera ankaona kuti kutero n'kusamalira katundu, kenako anadanso pang'onopang'ono, ndipo oyeza amawalekerera kusiyana ndi mmene angachitire ndi khobidi lamakono. Funso limene oyeza amayankha si lakuti "kodi linatsukidwa?" koma lakuti "kodi msika ungalilandire?" N'chifukwa chake anthu ena amaswa kabokosi n'kutumizanso khobidi lomwelo, ndipo lomwe lili m'malire limatha kubwera ndi yankho lina. Ine sinditenga zimenezi ngati chinyengo cha oyeza. Malirewo amajambulidwa ndi maso a anthu, ndipo wogula ayenera kudziwa zimenezo asanalipire.

ANACS ndi yakale kuposa PCGS ndi NGC. Inakhazikitsidwa ndi American Numismatic Association mu 1972, ndipo inkatsekera makobidi avuto m'mabokosi pamene enawo ankawakana. Mabokosi ake akale ankalemba zinthu ziwiri: mmene zojambula zatsalira, ndi giredi yotsika atachotserapo chifukwa cha vutolo. Masiku ano imapereka nambala ya zojambula zokha, monga EF 40 kapena EF 45 Details. Nambalayo imathandiza, popeza EF ya NGC (iwo amalemba XF) sikuuzani ngati khobidi lili pafupi ndi VF, giredi ya pansi pake, kapena ndi AU, ya pamwamba pake. Koma musaiwerenge ngati mtengo. Ikunena za kutha kwa zojambula, osati kukula kwa kuwonongeka. Pogulitsa, mabokosi a ANACS nthawi zambiri sakoka ogula ngati a PCGS ndi NGC.

Njira imene ndimaikonda ndi ya otolera makobidi akale amkuwa a ku America, a EAC. Iwo amayamba ndi giredi ya zojambula, kenako amachotsera mapointi pa vuto lililonse: kutsukidwa, dzimbiri, kukalika, kuphwanyika m'mphepete. Khobidi la zojambula za 30 lingatsike kufika pa 25 ngati analipukuta pang'ono, kapena pa 12 ngati analizunza. Apa wogula amaona kukula kwa vutolo m'manambala, chinthu chimene "Details" imabisa. Anafika pa njirayi chifukwa mkuwa wa zaka zoposa 200 wopanda chilema ndi wosowa zedi, moti kutaya onse avuto kukanakhala kutaya pafupifupi gawo lalikulu la zimene zilipo. Chofooka chake n'choonekeratu. Kuchotserako kumadalira munthu, akatswiri awiri angasiyane, ndipo palibe kampani yoimirira kumbuyo kwa nambalayo. Imagwira bwino pakati pa anthu odziwana maso awo.

Makobidi a Agiriki ndi Aroma ali ndi nkhani yawoyawo. Pafupifupi onse anachokera m'nthaka, choncho onse anatsukidwa. NGC Ancients imapereka giredi ya kutha kwa zojambula, kenako manambala awiri a 1 mpaka 5, ina ya kadindidwe ndi ina ya nkhope, n'kuwonjezera mawu monga "brushed" kapena "smoothing" pakafunika. Kutsuka koipa kumatsitsa nambala ya nkhope, khobidi osaponyedwa kunja. Ndimaona kuti makobidi osowa a zaka zaposachedwapa akanapindula ndi dongosolo lotereli. Za m'nyanja nazo zimasonyeza kuti lamulo limapindika: golide wa mu sitima ya SS Central America, yomwe inamira mu 1857, anayeretsedwa ndi akatswiri ndipo PCGS inamupatsa manambala, pamene siliva wodyeka ndi madzi amchere wa mu SS Republic ya mu 1865 NGC inamulemba "Shipwreck Effect".

CAC, kampani younikanso makobidi oyezedwa kale imene John Albanese anayambitsa mu 2007, imathandiza mbali ina. Kachomata kake kobiriwira kamaikidwa pa mabokosi a PCGS ndi NGC okhala ndi nambala, ndipo khobidi lokhala ndi nkhope yokayikitsa silikapeza mosavuta. Mukamaopa kugula lotsukidwa lomwe linadutsa mwamwayi, kachomatako ndi maso achiwiri, ngakhale kusakhalapo kwake sikutanthauza kuti khobidi linakanidwa, mwina silinatumizidweko.

Ndiye musankhe uti? Ngati muli ndi khobidi losowa lotsukidwa ndipo mudzaligulitsa, PCGS kapena NGC, chifukwa cha umboni woti ndi lenileni. Khobidi wamba lotsukidwa musalitumize n'komwe, mtengo woyezetsera ungapose phindu lake. Ngati mukugula, werengani chizindikiro kenako chitani zimene a EAC amachita: liikeni pansi pa nyali imodzi m'chipinda chamdima, lizungulitseni pang'onopang'ono, muone nokha kuti mungachotsere zingati. Samalani kuti musasokoneze timizere ta kupukuta ndi ta chidindo. Ta chidindo timakhala totukuka ndipo timathera pamene zojambula zayambira, pamene ta nsalu timalowa m'chitsulo n'kukwera pamwamba pa zilembo ndi zojambula.

Ndipo ngati muli nalo lakuda lomwe simunalitumize, lisiyeni choncho. Asetoni weniweni amachotsa mafuta ndi utomoni wobiriwira wochokera ku pulasitiki ya PVC osadya chitsulo, bola osapukuta. Zoposa pamenepo zipite kwa NCS, nthambi yokonza makobidi yogwirizana ndi NGC, kapena ku ntchito yokonza ya PCGS, koma nawonso sangafafanize timizere timene talowa kale.