Laputopu ya mainchesi 14 ya Ryzen 5 5500U: ndi yabwino, bola muiwonjezere RAM

Ndaipatsa nyenyezi 4 mwa 5.

Ndakhala ndikuigwiritsa ntchito kwa miyezi ingapo, pafupifupi tsiku lililonse, ndipo ndaona kuti ndilembe mwatsatanetsatane chifukwa amene akusaka laputopu yaing'ono yotsika mtengo amafunsa zofanana: kodi ingasewere magemu, mavidiyo amaoneka bwanji, nanga batire limachedwa kutha? Pa zonsezi yandikhutiritsa. Koma pali chinthu chimodzi chimene ogulitsa satchula kawirikawiri, chomwe chimasiyanitsa laputopu yokoka miyendo ndi yothamanga, ndipo ndi chimene ndikhalepo kwambiri.

Poyamba, zamkati mwake. Purosesa ndi AMD Ryzen 5 5500U, imene inatuluka kumayambiriro kwa 2021. Ili ndi ma core 6 ndi ma thread 12, ndipo inapangidwa kuti izidya magetsi ochepa, pafupifupi mawati 15. Ilibe khadi ya zithunzi yapayokha. Zithunzi zimayendetsedwa ndi Radeon imene ili mkati mwa purosesa momwemo, yokhala ndi ma compute unit (tizigawo tojambula zithunzi) 7. Laputopuyi inabwera ndi RAM (memory imene mapulogalamu amagwiritsa ntchito akatsegulidwa) ya 8GB ya DDR4, SSD (mosungira mafayilo) ya 256GB, sikirini ya IPS ya 1920 x 1080, ndi Windows 11. Kulemera kwake ndi pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, moti mukaiika m'chikwama simumva kuti mwasenza kanthu.

Tsopano nkhani ya RAM. Khadi ya zithunzi yapayokha imakhala ndi memory yakeyake. Radeon ya mkati mwa purosesa ilibe zimenezo, imabwereka ku RAM yomweyo imene Windows ndi mapulogalamu onse akugwiritsa ntchito. Choncho liwiro limene deta imayendera pakati pa RAM ndi purosesa ndi limene limalamula mmene gemu iyendere. RAM ya DDR4-3200 ikakhala kachidutswa kamodzi imanyamula 25.6GB pa sekondi. Tizidutswa tikakhala tiwiri, zomwe amati dual channel, imafika 51.2GB pa sekondi. Zili ngati mlatho wodutsa galimoto imodzi pa nthawi: ngakhale injini zikhale zamphamvu chotani, zonse zimaima pa mzere, mpaka mutamanga mbali yachiwiri.

Yangayi inabwera ndi kachidutswa kamodzi ka 8GB, malo achiwiri ali opanda kanthu. Ndinazionera mu Task Manager, pa Performance kenako Memory, pamene pamalembedwa kuti malo ogwiritsidwa ntchito ndi 1 mwa 2. Ili choncho, ntchito zolemba ndi za pa intaneti zinkayenda bwinobwino, koma magemu a 3D ankadukiza. Mukakhota ndi galimoto mu GTA V chithunzi chinkagwira kaye, kenako n'kudumpha. Nditagula kachidutswa kena ka 8GB ka liwiro lofanana, ndinamasula zomangira za pansi, n'kukalowetsa, ntchito ya mphindi zochepa chabe. Kusintha kwake kunandidabwitsa. Gemu yomwe ija, pa makonzedwe omwe aja, inayamba kuyenda mosalala, ndipo kudukiza kuja kunatheratu. Sindinasinthe china chilichonse. N'chifukwa chake ndimauza aliyense kuti pogula laputopu yamtunduwu awerengeretu ndalama ya RAM yachiwiri ngati mbali ya mtengo wake. Musanagule, fufuzani ngati ili ndi malo oikamo ina, chifukwa malaputopu ambiri opyapyala RAM yake inamatidwiratu pa bolodi ndipo simungaisinthe mpaka kalekale. Ngakhale kumbali ya Intel nkhani ndi yomweyi: Iris Xe, yoyendetsa zithunzi ya mkati mwa purosesa ya Core i5-1135G7, imafuna dual channel, ndipo RAM ikakhala imodzi imagwira ntchito ngati UHD Graphics wamba.

Pa magemu, ndinene zimene ndasewera ndekha. Stardew Valley ndi Hollow Knight zimayenda pa 1080p popanda vuto lililonse, ndipo fani simuimva n'komwe. Minecraft imayendanso bwino mukapanda kuikamo ma shader. Rocket League, imene yakhala yaulere kuyambira mu 2020, ndimaisewera nditatsitsa makonzedwe a zithunzi, ndipo imamvera chala mwachangu, chomwe ndi chofunika kwambiri pa gemu ngati imeneyo. GTA V ya 2015 ndimaiika pa 720p ndi makonzedwe otsika. Siioneka ngati ya pa kompyuta yaikulu, koma pa sikirini ya mainchesi 14 kuchepa kwa resolution sikuonekera kwambiri, ndipo apa ung'ono wa laputopu umasanduka mwayi. Counter-Strike 2, imene inalowa m'malo mwa CS:GO mu 2023, ndi yolemera kuposa yakaleyo, ndipo pa laputopuyi imayenda mokakamiza, moti wofuna kupikisana nayo kwenikweni sangasangalale. Magemu akuluakulu ngati Cyberpunk 2077 musawayembekezere. Amatseguka, inde, koma si kusewera kumeneko.

Langizo lina kwa osewera: lumikizani chaja. Laputopu ikakhala pa batire imachepetsa mphamvu ya purosesa, ndipo gemu imene imayenda bwino pa magetsi imayamba kutsimphina.

SSD ya 256GB ndi yothamanga, Windows imadzuka m'masekondi ochepa, koma malo ndi ochepa. Windows yokha ndi zosintha zake imatenga gawo lalikulu, ndiye GTA V ikalowapo ndi ma gigabyte ake oposa 70, mwatsala ndi kamalo kochepa kwambiri. Ubwino wake SSD ndi ya mtundu wa M.2, imachotsedwa n'kuikapo yaikulu. Mukapeza ya 512GB pa mtengo wosasiyana kwambiri, tengani imeneyo.

Kumbali ya mavidiyo ndi kumene laputopuyi imandisangalatsa kwambiri. Purosesa ili ndi kagawo kapadera komasulira mavidiyo a H.264, HEVC ndi VP9, kotero ma core sagwira ntchito yolemetsa mukamaonera. YouTube pa 1080p imayenda mwakachetechete, laputopu ili yozizira, ndipo ngakhale 4K ya VP9 pa TV kudzera pa HDMI siidukiza. Chimene ilibe ndi kagawo komasulira AV1, mtundu watsopano umene YouTube ndi Netflix akuugwiritsa ntchito mochulukirachulukira. AV1 ikabwera, ma core 6 aja ndi amene amasenza ntchitoyo. Pa 1080p amakwanitsa, koma fani imadzuka ndipo batire limatsika msanga. Pa mapurosesa, Intel inayamba kumasulira AV1 ndi m'badwo wa 11, ndipo AMD inayamba ndi Ryzen 6000 mu 2022. Ngati ntchito yanu yaikulu ndi kuonera mavidiyo muli pa batire, mfundo imeneyi muiganizire.

Kudula ndi kulumikiza mavidiyo afupiafupi a 1080p ndimachita mu Clipchamp ndi Shotcut, ndipo ndi RAM ya 16GB zimatheka bwino. DaVinci Resolve ndinaiyesa. Imalemera kwambiri pa makina ngati awa, makamaka mukayamba kukonza mitundu.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa chifukwa cha sikirini. IPS yake ndi yabwino poti mukayang'anira cham'mbali chithunzi sichida ngati mmene amachitira masikirini otchipa a mtundu wa TN. Koma kuwala kwake ndi kwa ma nit 250 okha, ndipo mitundu ndi ija amailemba kuti 45% NTSC. Tanthauzo lake ndi lakuti zofiira zimaoneka ngati zasuluka, zobiriwira zilibe moyo, ndipo mukakhala pafupi ndi windo masana mumadzionera nkhope yanu m'malo amdima a kanema. Izi zimandipweteka mtima, chifukwa makina amene amasewera mavidiyo bwino chonchi anayenera kukhala ndi sikirini yowalemekeza. Ndikailumikiza ku monita yakunja mpamene ndimaona zimene ndikuphonya. Mukaona ina yolembedwa 100% sRGB kapena 72% NTSC, ndi ma nit 300, imeneyo ndi yoyenera kuwonjezerapo ndalama, chifukwa RAM ndi SSD mungasinthe mawa koma sikirini mudzakhala nayo mpaka laputopu idzathe.

Masipika ali pansi ndipo mawu ake ndi opyapyala, alibe besi. Mukaiika pa bedi amatsekeka. Mahedifoni amathetsa nkhaniyi. Kiyibodi ndi yofewa bwino polemba, koma siyaka usiku, zomwe zimavuta mukamasewera mumdima. Kamera ndi ya 720p, yongokwanira misonkhano.

Kutentha kulipo koma si koopsa. Mukasewera kwa nthawi yaitali, mbali ya pamwamba pa kiyibodi imafunda ndipo fani imamveka, phokoso la mphepo chabe, osati kulira kobaya m'makutu. Mphepo imalowera pansi, choncho ndimakweza kumbuyo kwake pang'ono kuti ipume, ndipo sindiisewera ili pa bulangete. Batire limanditengera gawo lalikulu la tsiku ndikamalemba ndi kuwerenga, mafilimu awiri limamaliza, koma pa gemu ya 3D silichedwa kutha.

Ndikufuna ndichenjezenso amene akuyerekeza laputopuyi ndi zina za m'gulu lotsika mtengo, chifukwa mayina a mapurosesa amasokoneza. Ryzen 5 7520U imamveka ngati yaposa 5500U poti nambala yake ndi yaikulu. Koma ili ndi ma core 4, ndipo Radeon 610M yake ili ndi ma compute unit 2 okha. Pa mavidiyo ndi batire ndi yabwino, AV1 imamasulira, koma pa magemu a 3D imatsalira kumbuyo. Imene ikufanana ndi yangayi m'banja limenelo la Ryzen 7000 ndi Ryzen 5 7530U, ya ma core 6 ndi ma compute unit 7. Pa mayina a Ryzen 7000 a malaputopu, nambala yachitatu ndi imene imasonyeza m'badwo wa ma core: 2 ndi Zen 2, 3 ndi Zen 3. Pansi penipeni pali malaputopu a Celeron N4020, a RAM ya 4GB, eMMC (mosungira mafayilo mochedwa kuposa SSD) ya 64GB ndi sikirini ya 1366 x 768. Manambala amenewo a 4GB ndi 64GB ndi malire otsikitsitsa amene Windows 11 imafuna kuti ingolowa, ndiye gemu ipeza kuti malo? Ndi zotchipa, koma si za ntchito imene tikukambayi. Ngati mukuganiza zogula yogwiritsidwapo kale ntchito, onetsetsani kuti ikulola Windows 11, popeza Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025.

Ndingaigulenso? Inde, ndi RAM yachiwiri tsiku lomwelo. Kwa wophunzira, kapena wantchito amene akufuna makina opepuka oti masana alembere, madzulo aonerere mavidiyo ndi kusewera magemu akale kapena opepuka, ikukwanira ndithu. Wofuna magemu atsopano akuluakulu ayang'ane laputopu yokhala ndi khadi ya zithunzi yapayokha, monga RTX 3050 kupita m'mwamba, ndipo avomereze kuti idzakhala yolemera, yaphokoso, ndi yodula kuposa iyi.