Nguludi kapena Nairobi: CUNIMA ndi CUEA

Sukulu ziwirizi ndi za Mpingo wa Katolika, koma eni ake ndi osiyana. Catholic University of Malawi, yomwe ambiri amangoti CUNIMA, ndi ya maepiskopi a m'Malawi muno. Anaikhazikitsa mu 2004 ndipo ophunzira oyamba analowa mu 2006 ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, m'nyumba zomwe kale zinali koleji ya aphunzitsi ya Montfort. N'chifukwa chake malowa amatchedwabe Montfort Campus.

Catholic University of Eastern Africa, CUEA, ndi ya AMECEA, bungwe la maepiskopi a mayiko a kum'mawa kwa Africa, ndipo Malawi ndi Zambia ali momwemo. Inayamba mu 1984 ngati sukulu ya zaumulungu, Papa Yohane Paulo Wachiwiri anaitsegulira mu 1985, kenako boma la Kenya linaivomereza kukhala yunivesite mu 1992. Likulu lake lili ku Langata mu Nairobi. Nthambi ya Gaba ili ku Eldoret, makilomita pafupifupi 300 kuchokera ku Nairobi. Dzinali linachokera ku Ggaba ku Uganda, komwe sukulu ya zaubusa ya AMECEA inayambira isanasamuke mu 1976. Polembetsa, onetsetsani kuti kosi yanu ili ku nthambi iti.

Pomwe ambiri amakodwa ndi pa mapepala. Ku Nguludi, MSCE ya makirediti asanu ndi limodzi, Chingelezi chili momwemo, imalandiridwa monga ilili. Ku Kenya satifiketi yomweyo imayamba yapita ku bungwe la boma loona za maphunziro kuti aiyerekeze ndi ya kwawo, pafunikanso pasipoti ndi chilolezo cha wophunzira wakunja. Mukachedwa nazo, anzanu ayamba makalasi inu muli pamzere. Pobwera ndi digiri ya ku Kenya, olemba ntchito angafune kuti NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba m'Malawi muno, iitsimikize.

Fizi ya ku Nairobi salipira m'makwacha. Kwacha ikagwa, kapena mabanki akasowa ndalama zakunja, kholo limapezeka ndi ngongole pakati pa chaka ngakhale sukulu sinakweze kanthu. Ya ku Nguludi imakwera nayonso, koma n'zamakwacha, ndipo ufa wochokera kumudzi umafika pa minibasi ya ku Limbe.

Wofuna digiri yoyamba ya uphunzitsi, zamalonda kapena zachitukuko sakusowa kuwoloka malire. Nairobi ikuyenera wansembe kapena sisitere wotumidwa kukazama pa zaumulungu kapena malamulo a Mpingo, poti madigiri amenewo ku Langata ndi ovomerezedwa ndi Vatican.