Mapaundi 1,480 anapita ndisanadziwe za kalabu ya makompyuta

Ndikulemba izi chifukwa cha mauthenga omwe ndimalandira pa WhatsApp kuchokera kwa achinyamata akwathu, onena kuti akangoponda ku England adzasamalira okalamba kwa chaka chimodzi chokha, kenaka adzaphunzira makompyuta ndi kukakhala mu ofesi. Inenso ndinabwera ndi maganizo omwewo mu 2023, ndipo anandidyera ndalama zomwe zikanafolera nyumba ya mayi anga ndi malata.

Ndinaona chilengezo pa intaneti cha sukulu ina yomwe inkalonjeza maphunziro a miyezi itatu, satifiketi, ndiponso thandizo lopezera ntchito. Mtengo wolembedwa unali mapaundi 900, ndipo ndinalipira m'magawo atatu kuchokera pa malipiro a mashifiti a usiku. Nditangomaliza gawo loyamba anandiuza kuti pali mapaundi 80 olembetsera dzina, omwe sanatchulidwe paliponse. Kenaka anati laputopu yanga njosayenera, ndipo anandigulitsa yawo yakale pa mapaundi 260. Pofika kumapeto ndipamene ndinamva kuti mayeso sali m'gulu la zomwe ndinalipira, ndiye kuti mapaundi ena 240. Maphunzirowo anali mavidiyo ojambulidwa kale, mphunzitsi ndinalankhula naye kawiri kokha, ndipo thandizo la ntchito lija linali kalata imodzi yondiuza malo a pa intaneti omwe aliyense amawadziwa. Mpaka lero ndikakumbukira maola omwe ndinakhala chiimire usiku kuti ndipeze ndalama zimenezo mtima umandiwawa.

Kalabu ndinaidziwa kudzera pa kapepala komwe kanamatidwa pakhomo la laibulale ya m'tauni yathu. Imakumana mu holo ya tchalitchi, ndipo umembala wake ndi mapaundi 20 pachaka, kuwonjezerapo mapaundi 2 a tiyi ndi holo tsiku lomwe wabwera. Kamodzi pamwezi pamakhala msonkhano wa onse, koma phindu lenileni lili m'timagulu ting'onoting'ono tomwe timakumana patokha malinga ndi zomwe anthu akufuna. Pali kagulu ka ongoyamba kumene, ka okonza zithunzi, ka ofufuza mbiri ya makolo awo, komwe azungu achikulire amakakonda kwambiri, ndiponso ka Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, komwe kamakumana Lachinayi madzulo. Aliyense amabwera ndi makina ake ndi vuto lake, amaika patebulo, ndipo amene akudziwa amasendera pafupi. Palibe silabasi, palibe mayeso.

M'kagulu ka Linux ndimo ndinakumana ndi munthu mmodzi yemwe anandiuza zoona pa nkhani yonseyi, bambo wina wopuma pantchito wa zaka za m'ma 70. Atatsegula laputopu ija anandionetsa kuti ilibe kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, komwe Windows 11 imafuna, kotero kuti ikanathera pa Windows 10, yomwe Microsoft inasiya kuisamalira mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025. Anandiuzanso kuti mtengo womwe ndinagulira unali wokwera kwambiri poyerekeza ndi msinkhu wa makinawo. Sanandigulitse kanthu. Anatenga fulashi m'thumba mwake, tinasunga kaye mafayilo anga pena, ndipo madzulo omwewo tinaikamo mtundu wa Linux wotchedwa Linux Mint pamodzi ndi LibreOffice yolembera makalata ndi kugwirira ntchito za mu ofesi, zonse zaulere. Pa milungu yotsatira anandiphunzitsa kusintha diski yakale ndi kuika yothamanga kwambiri yotchedwa SSD, kuwonjezera memore ya kompyuta yotchedwa RAM, ndi kulumikiza makompyuta awiri pa netiweki. Nditatulutsa ndalama kuti ndimuthokoze anakana, nati ndiponye m'kabokosi ka tiyi ngati ndikufuna. Ndi iyeyo amene anandidziwitsa kuti lamulo la kuno limapereka masiku 14 oti munthu abweze mgwirizano womwe wapanga pa intaneti, koma kwa ine nthawiyo inali itadutsa kalekale. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadyadi.

Komabe musaganize kuti kalabuyo ndi khomo la ntchito, pakuti bambo yemweyo anandiuza mosabisa tsiku loyamba kuti iwo sapereka satifiketi ndipo salemba munthu ntchito. Mamembala ambiri ndi opuma pantchito, choncho misonkhano yambiri imachitika masana pamene ife tili pa shifiti kapena tikugona titachokera ku ntchito ya usiku. Pa misonkhano khumi ndimakwanitsa mwina inayi. Basi ndi mapaundi 3 ulendo umodzi, ndiye kuti tiyi wa mapaundi 2 uja amasanduka mapaundi 8 ukawerengera kupita ndi kubwera. Kagulu kophunzitsa kulemba mapulogalamu, komwe ndinkakafuna kwambiri ndipo kanalembedwa pa ndandanda, kanaima mtsogoleri wake atadwala, ndipo palibe anakadzutsanso, chifukwa onsewa ndi ongodzipereka ndipo sungawaumirize. Milungu yoyamba ndinali munthu wakuda ndekha m'chipindamo, ndipo Chingerezi chawo chothamanga chinkandisiya m'mbuyo mpaka ndinazolowera kupempha kuti abwereze.

Tsopano kwa inu amene mukulota, mverani bwino. Viza yosamalira odwala ndi okalamba imamangiriridwa kwa bwana amene anakuitanani, ndipo kudziwa kompyuta sikumasula chingwe chimenecho. Kuti mulowe ntchito ina pafunika bwana wina wokhala ndi chilolezo cha boma amene avomere kukuimirani, ndipo kuyambira pa 22 Julayi 2025 malipiro ochepetsetsa pa viza ya ntchito zaluso anakwera kufika pa mapaundi 41,700 pachaka kwa anthu ambiri. Ndani angapereke ndalama zotere kwa munthu wa satifiketi ya miyezi itatu? Tsiku lomwelo boma linatsekanso njira yoitanira osamalira okalamba kuchokera kunja, kotero kuti aliyense amene akukuuzani lero ku Lilongwe kapena ku Blantyre kuti mumulipire akupezereni malo otere, ndipo mukafika mudzasinthira ku makompyuta, akukunamizani kawiri. Musagulitse munda wa makolo chifukwa cha mawu amenewo.

Amene muli kale kuno, yambani mwafunsa ku laibulale ya kwanuko musanalipire sukulu iliyonse, pakuti malaibulale ambiri ali ndi makompyuta ogwiritsa ntchito kwaulere ndipo amadziwa magulu a m'deralo. Ngati mwatsimikiza zolipira, funsani kuti akulembereni ngati mayeso ali m'kati mwa mtengowo, ndipo akazengereza chokanipo. Laputopu ija ndidzaitumiza kwa mlongo wanga ku Zomba ili ndi Linux momwemo, popeza mapulagi a kuno ndi akwathu ndi ofanana, koma ndamuuziratu kuti batire lake silikwana ola limodzi magetsi akazima. Ine ndikadali pa mashifiti a usiku, ndipo Lachinayi lomwe ndili womasuka ndimanyamula chikwama changa kupita ku holo ija.