RTX 5060, RX 9060 XT kapena Arc B580: yankho langa kwa nonse ondifunsa za khadi "lokhalitsa"

Mwezi uno wokha anthu anayi andifunsa funso limodzimodzi: "Achimwene, ndigule graphics card iti yoti isadzandivutitse ndikadzafuna kupanga upgrade?" Akunena khadi limene limajambula zithunzi za masewera pa kompyuta. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp, ndiye ndalemba kamodzin'kamodzi. Mayina amene mumanditchulira ndi atatu, RTX 5060 ya Nvidia, RX 9060 XT ya AMD ya 16GB, ndi Arc B580 ya Intel. Tifika pamenepo, koma mundilole ndiyambe ndadandaula.

Mu 2023 ndinatuma msuweni wanga amene amakaoda katundu ku Johannesburg kuti andigulireko khadi. Linafika bwinobwino m'bokosi lake, ine chimwemwe tsaya. Kompyuta yanga nthawi imeneyo inali ya kaunjika, zing'onozing'ono zija zochokera m'maofesi a kunja zimene ambirife timayambira. Nditatsegula chivundikiro ndinangoti kakasi. Khadi silinkakwana, ndipo power supply (kabokosi kogawa magetsi m'kompyuta) ya mawati 240 imene inali mkatimo inalibe n'komwe chingwe cha mapini 8 chopatsira khadi magetsi. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya ndithu.

M'malo movomereza kuti ndalakwitsa, ndinachita makani. Ndinamasula kachitsulo kogwira hard drive, khadi n'kulowa mokakamiza, kompyuta n'kumakhala yosavundikira. Mnyamata wina wa m'shopu m'tauni anandigulitsa kachingwe kosandutsa pulagi ya SATA, ija yopatsa hard drive magetsi, kukhala mapini 8, amvekere "bwana, aka kamagwira bhobho." Chimene sanandiuze n'chakuti pulagi ya SATA inapangidwa kuti izinyamula mawati 54 okha, pamene ya mapini 8 imanyamula 150. Kompyuta inayamba kumazima yokha masewera akafika pokoma, kenako tsiku lina chipinda chonse chinangoti guu fungo la pulasitiki wopsa. Ndinathamangira kukagula power supply ina, n'kupeza kuti motherboard (bolodi lalikulu lolumikizapo zida zonse) ya makina a muofesi aja ili ndi pulagi yakeyake, osati ya mapini 24 imene ena onse amagwiritsa ntchito. Mapeto ake ndinafunika bokosi latsopano, motherboard, purosesa, power supply. Ndili mkati mosonkhanitsa ndalama, mu Novembala kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Khadi linakhala m'kabati miyezi isanu ngati mbale za alendo.

Ndiye mukandifunsa za mtsogolo, dziwani kuti khadi ndilo limayamba kukalamba. Zimene zimaona makhadi awiri kapena atatu akubwera n'kupita ndi power supply ndi bokosi. Pa motherboard pamene mumalowetsa khadi pamatuluka mawati 75 basi, otsalawo amadzera pa chingwe. Gulani ya mawati 650 ya kampani yodziwika, yokhala ndi zingwe ziwiri za mapini 8, ndipo muinyamule m'manja musanalipire. Ikapepuka ngati chitini chopanda kanthu, nambala yolembedwa pa sitikayo ndi nthano. Bokosi likhale lolandira khadi lotalika masentimita 30 kapena kuposerapo.

Tsopano makhadiwo. Pa kudya magetsi sindichedwapo: RTX 5060 imadya mawati 145, RX 9060 XT 160, B580 190. Onse amakhuta ndi chingwe chimodzi. Amene mumadalira inverter magetsi akathima mukhoza kuiganizira kawiri ya Intel, ena nonse musavutike nazo.

Nkhani yeniyeni ili pa VRAM, imene ndi memory ya khadi lenilenilo. RAM ya kompyuta mumatha kuwonjezera chaka chamawa, hard drive chimodzimodzi, koma memory ya khadi inawotchereredwa pomwepo ku fakitale. Mwagula 8GB, mudzafa nayo 8GB. Ndipo zakale zija zolumikiza makhadi awiri kuti athandizane zinatha, musamvere wokuuzani kuti mudzangowonjezera lina. RTX 5060 inatuluka mu Meyi 2025 pa madola 299 ili ndi 8GB. Kampani yomweyo mu 2021 inkagulitsa RTX 3060 ya 12GB pa madola 329. Zaka zinayi zadutsa, memory yabwerera m'mbuyo ngati nkhanu. Chikhalirecho, kuyambira 2023 masewera ngati The Last of Us Part I anaonetsa kale kuti 8GB imabanika mukakweza ma texture (kuoneka bwino kwa zinthu m'masewera). RX 9060 XT ya 16GB inabwera mu Juni 2025 pa madola 349, ndipo B580 ya 12GB inatuluka mu Disembala 2024 pa 249. Iyi ndi mitengo ya ku America pa tsiku lotulukira. Kuno onjezeranipo msonkho, mayendedwe ndi kusowa kwa forex.

Chenjezo limodzi: RX 9060 XT ilinso ndi mng'ono wake wa 8GB, dzina lomwelo, bokosi lofanana. Werengani manambala ali pakona musanatumize ndalama.

Pali china chimene ogulitsa satchula. VRAM ikadzadza, khadi limayamba kubwereka RAM ya kompyuta, ndipo zonsezo zimadutsa pa misewu ya PCIe, njira zolumikiza khadi ndi motherboard. RTX 5060 ndi B580 zili ndi misewu 8, RX 9060 XT ili ndi 16. Pa motherboard yatsopano simungaone kusiyana kwenikweni. Koma ambiri mwa inu muli ngati ine, muli ndi motherboard ya B450 kapena ina yakale ya PCIe 3.0, pamene misewu 8 imadutsitsa pafupifupi 8GB pa sekondi, ndipo 16 imadutsitsa kuwirikiza kawiri. Khadi la memory yochepa, pa msewu wopapatiza, pa motherboard yakale: m'pamene chithunzi chimayamba kuimaima ngati minibasi yofuna makasitomala.

B580 ndimaikonda pa mtengo, ndipo 12GB pa ndalama imeneyo ndi ulemu. Vuto lake n'lakuti imasankha nyumba. Imafuna Resizable BAR (yolola purosesa kufikira memory yonse ya khadi nthawi imodzi) yoyatsidwa mu BIOS, pulogalamu yoyambira ya motherboard, ndipo Intel yomwe imanena kuti purosesa ikhale Core ya m'badwo wa 10 kupita m'tsogolo kapena Ryzen 3000 kupita m'tsogolo. Ngakhale zili choncho, oyesa makhadi anapeza kuti ikakhala ndi purosesa yofooka imataya liwiro kuposa anzake. Ngati mukumanga kompyuta yonse yatsopano, itengeni. Ngati mukufuna kutsitsimutsa kompyuta ya purosesa ya i5 ya makolo, isiyeni.

Nvidia ndisaipondereze. Amene mumadya za makanema a maukwati ndi zinkhoswe, kapena mumagwiritsa ntchito Blender yopangira zithunzi za 3D, mapulogalamu ambiri amayenda bwino ndi CUDA, njira yolola khadi kugwira ntchito zolemerazi, imene ili pa makhadi a Nvidia okha. DLSS nayo, luso la Nvidia lothamangitsa masewera chithunzi chikuonekabe bwino, ikupezeka m'masewera ambiri kuposa inzake ya AMD, FSR 4. Ndipo tinene zoona, tsiku lodzagulitsa khadi lakale kuti muwonjezere pa latsopano, munthu wa pa Facebook amathamangira dzina la RTX. Koma ngati ntchito yanu ndi imeneyo, limbani mtima mufike pa RTX 5060 Ti ya 16GB, imene inayambira pa madola 429. Ya 8GB ija sindingakuuzeni kuti ndi ya mtsogolo, pakamwa panga pangandiwawe.

Ine ndasankha RX 9060 XT ya 16GB, ndipo ndivomere kuti ndili ndi tsankho. B450 imene ndinagula pambuyo pa tsoka lija inayamba ndi purosesa ya Ryzen 5 2600 ya kaunjika, kenako inalandira Ryzen 5 5600 nditangosintha BIOS, osagulanso china chilichonse. Soketi ya AM4 ya AMD, pokhala purosesa pa B450, inatuluka mu 2016 koma inandisunga chonchi, ndiye mtima wanga unapendekera ku AMD. Amene mumangosewera mpira wa EA Sports FC Loweruka madzulo, lililonse mwa atatuwa likukwanirani ndipo lina mukungotayirapo ndalama.

Wotsatira kundifunsa funsoli ayambe watsegula bokosi, ajambule sitika ya power supply, ajambulenso dzina la motherboard, ayeze ndi rula kuchokera kumbuyo mpaka pamene pali fani yakutsogolo. Popanda zithunzi zitatuzo sindiyankha, ngakhale mutakhala alamu anga.