Death of a Salesman: Buku la Bambo Amene Ankagulitsa Nkhope Yake

Sewero la Arthur Miller lotchedwa Death of a Salesman linaonetsedwa koyamba ku New York mu February 1949, ndipo chaka chomwecho linapata mphoto ya Pulitzer. Ine ndaligula ngati buku lachikuto chofewa, lopyapyala moti munthu angalimalize masiku awiri, ndipo ndalama zimene ndinatulutsa sindikuzidandaula.

Nkhani yake ndi ya Willy Loman, bambo wa zaka 63 wa ku Brooklyn, dera la mumzinda wa New York, amene wakalambira pamsewu akutsatsa katundu wa eni ake m'zigawo za New England, kumpoto chakum'mawa kwa America. Miller satiuza n'komwe kuti katunduyo ndi wanji, ndipo ndikuona kuti anachitira dala, pakuti chimene Willy wakhala akugulitsa zaka zonsezi ndi nkhope yake. Iye amakhulupirira kuti munthu wokondedwa ndi anthu sangasauke, ndipo chiphunzitso chimenechi anawamwetsa ana ake, Biff ndi Happy, adakali aang'ono. Mkulu wake Ben, amene analemera ndi dayamondi ku Africa, amangomubwerera m'maganizo ngati mzukwa womunyodola.

Mphamvu ya bukuli ili pa tinthu ting'onoting'ono ta pakhomo. Mkazi wa Willy, Linda, amasoka masokosi obooka ndi kuwerengetsa ngongole ya firiji, pamene Willy amabwereka madola 50 sabata iliyonse kwa mnansi wake Charley n'kumanamizira kuti ndi malipiro, chonsecho ntchito imene Charley yemweyo akumupatsa amaikana chifukwa chonyada. Willy anali ndi luso la manja, moti khonde la nyumba yake anamanga yekha, koma sanaganizepo kuti lusolo lingamupatse dzina. Pamene pandikhudza kwambiri ndi pomwe iye, atachotsedwa ntchito, akutuluka usiku ndi tochi kukafesa mbewu kuseri kwa nyumba, pamalo pamene nyumba zosanjikizana zinatsekereza kale dzuwa.

Vuto lilipo kwa wowerenga. Zakale ndi zatsopano zimalowerana popanda chenjezo, zinthu zimene pasiteji zimamveka msanga chifukwa cha magetsi ndi chitoliro, koma papepala munthu wodumpha malangizo a zisudzo amasochera. Ine ndinabwereza masamba angapo m'gawo loyamba.

Willy akudzipha poganiza kuti inshulansi ya madola 20,000 imukweza Biff, ndipo pa tsiku la maliro, amene anthu ake anali owerengeka, Linda akunena pamanda kuti wamaliza kulipira ngongole ya nyumba.