Seq-number mu Kerberos: tikhwimitse, tichepetse, kapena tilolere?

Anzanga amene mumasamalira makompyuta m'maofesi kuno ku Salima, ambirife tili ndi makina osakanikirana: Windows kwa owerengera ndalama, Linux yokhala ndi Kerberos ya MIT (yunivesite ya ku America), ndi seva ya Samba yomwe mkati mwake muli Heimdal, pulogalamu inanso ya Kerberos. Onsewa amalankhula Kerberos 5, njira yotsimikizira pa netiweki kuti munthu kapena makina ndi amene akudzitchulayo, koma pa nkhani ya seq-number, nambala yowerengera mauthenga motsatana, anayamba kalekale kusamvana.

Nambala imeneyi imatchulidwa koyamba mu authenticator (kauthenga kobisika komwe wolumikizana amadzitsimikizira nako kwa seva) kapena mu AP-REP (yankho la seva), kenako uthenga uliwonse wa KRB-SAFE (wotetezedwa kuti usasinthidwe) kapena KRB-PRIV (wobisidwa) umaonjezerapo imodzi. Ili ngati manambala a m'buku la malisiti: wina akabwera ndi lisiti lomwe linaperekedwa kale, kapena tsamba likasowa, mumadziwa pompo. Gwero la chisokonezo ndi RFC 1510 ya 1993, chikalata cha malamulo a Kerberos 5, yomwe inangolemba kuti nambalayi ndi INTEGER (nambala yathunthu) osaika malire. Ena anailola kutsika pansi pa ziro, ena ayi. RFC 4120 ya 2005 inagamula kuti ikhale kuyambira 0 mpaka 4294967295, komatu makina akale sanazimitsidwe tsiku lomwelo.

Pali otsata lamulo ndendende. Amasankha nambala yoyambira mwachisawawa m'bwalo lonselo, n'kumakana chilichonse chosiyana. RFC 4120 ikuwavomereza, ndipo mdani sangalote nambala yotere. Koma taganizani: theka la manambala amenewo lili pamwamba pa 2147483647, ndipo makina akale amawakana. Ndiye kuti kulumikizana kumodzi kutheka, kwina kukanika, popanda chasintha. Palibe vuto lotopetsa ngati limeneli. Mumakwera minibasi mpaka ku Chipoka kapena ku Senga Bay, mukafika zonse zikuyenda bwino, mukangobwerera foni yalira.

A MIT anasankha kudzichepetsa potumiza. Nambala yawo yoyambira siifika 1073741824, ndipo ikagwa pa ziro amaisandutsa 1. Mwakutero pamatsala mauthenga opitirira biliyoni imodzi asanafike pamalire ovuta aja. Chotayika ndi ma bit awiri okha mwa 32 omwe amapanga nambalayi, pa nambala yomwe imayenda itabisidwa kale mu authenticator. Ine njira imeneyi ndimaikonda kwambiri, chifukwa sifuna kuti mbali inayo isinthe kanthu.

Kulolera polandira ndi mnzake wa njira imeneyi, osati mdani wake. RFC 4120 yomweyo imalola kulandira nambala yapansi pa ziro ngati ikufanana ndi yomwe mumayembekezera, mwachitsanzo -1 m'malo mwa 4294967295. Imalolanso kuti seq-number ikasowa pamene mumadikira ziro, muitenge ngati ziro, popeza makina ena samailemba n'komwe ikakhala ziro. MIT inafika poika kachidutswa kozindikira kalembedwe kolakwika ka Heimdal yakale. Koma apa ndipemphe ndithu: kulolera kuthere pa nambala yomweyo yolembedwa mwanjira ina. Amene amazimitsa kufufuza konse kuti uthenga wa "Message out of order" usiye kuwasowetsa mtendere, atsegulira khomo aliyense wotha kujambula uthenga n'kuutumizanso.

Nanga kungodalira nthawi? KRB-SAFE ndi KRB-PRIV zimalola timestamp (nthawi yolembedwa pa uthenga) m'malo mwa nambala. Wolandira amaona ngati nthawi ili mkati mwa mphindi 5 n'kusunga zomwe waona kale. Izi sizikuuzani kuti uthenga wina wasowa pakati. Komanso kwathu kuno magetsi akazima, kompyuta yomwe batire la pa motherboard linatha imadzuka ndi deti la zaka zapitazo. Kerberos imafuna kale wotchi yolondola poyamba kulumikizana, ndiye sindiona chifukwa choisenzetsanso uthenga uliwonse.

Ngati pulogalamu yanu imadutsa mu GSS-API, njira imene mapulogalamu ambiri amagwiritsira ntchito Kerberos, RFC 4121 inakulitsa nambala ya m'mauthenga kufika ma bit 64, koma yoyambira imachokerabe ku authenticator ndi AP-REP.

Kwa amene mukulemba pulogalamu yanu, ndinganene kuti tumizani ngati MIT, landirani monga RFC 4120 ikulolera, kufufuza musakuzimitse. Kwa amene mukufufuza vuto lomwe lilipo kale, tsegulani Wireshark, pulogalamu yoonera mauthenga a pa netiweki, muipatse keytab (fayilo ya makiyi achinsinsi a seva) kuti ithe kumasula authenticator, muyerekeze seq-number ya ulendo umene zatheka ndi ya ulendo umene zakanika. Yokanikayo ikakhala pamwamba pa 2147483647, mbali yolandira ndi yomwe ikufunika kukonzedwa kapena kuikidwa pulogalamu yatsopano.